Adzatopa, kagalu ka chaka cha njala

Ambiri mwa ife Amalawi sitivomera pagulu kuti galu timamukonda. Funsani bambo wa kumudzi chimene amawetera galu, adzakuwerengerani ntchito zake: akuba, afisi ozungulira khola la mbuzi, anyani a kumunda, uzimba. Za chikondi sadzatchula. Koma bambo yemweyo mufunseni dzina la galu amene anakula naye ali mnyamata. Amayamba wamwetulira asanayankhe, ndipo nkhaniyo ikayamba tiyi amazizirira m'kapu. Kawirikawiri nkhani zake sizikhala za chigalu chogwira mbala. Zimakhala za kagalu kotupa mimba, kotafuna nsapato, kogona paphulusa.

Kwathu kagalu kotero kanali Adzatopa. Kanabwera m'nyengo yozizira ya 1992, kumudzi kwathu kufupi ndi Lizulu m'boma la Ntcheu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire: mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Amene anachiona chaka chimenecho sachiiwala. Mvula inadula chimanga chisanakhwime, dzuwa linawamba minda, nkhokwe zambiri zinakhala zopanda kanthu, ndipo tinaphunzira kudya nsima yachikasu ya chimanga chochokera kunja. Kuwonjezera pa njalayo, dziko lino linkasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Ambiri a ku Angonia anangodumpha msewu n'kumanga tinyumba tawo pakati pa midzi ya ku Ntcheu ndi ku Dedza. Chinenero chinali chimodzi, mafuko amodzimodzi, ngoma yomwe ankavina inali yathu yomwe, motero sanachedwe kusanduka anansi.

Banja lina lochokera kumeneko linafika ndi mphika, mphasa, ana, ndi galu wamkazi wofiirira amene anawatsatira yekha m'njira yonse. Mayi wa m'banjamo anagwirizana kwambiri ndi agogo anga. Ankapita limodzi kudimba, ankabwerekana mchere. Galu uja ataswa, anaswera pansi pa nkhokwe yathu yopanda chimanga ija, poti kunali kouma ndi kobisika kumphepo. N'chifukwa chake ife ana a pakhomopo tinaona zonse kuyambira pachiyambi, titagona chafufumimba m'fumbi, mitu ili pansi pa nkhokwe.

Galu amakhala ndi bere masiku pafupifupi 63, ndipo chimene chimabadwa si galu kwenikweni. Kamabadwa kosaona, kosamva, kosatha kuyenda, kodziwa zinthu ziwiri zokha: fungo la mayi ake ndi kumene kuli kutentha. Sikatha kudzitenthetsa thupi, choncho tiagalu timaunjikana pamodzi, ndipo kamene kagudubukira patali m'chisanu cha June cha ku Lizulu kakhoza kufa usiku umodzi wokha. Ngakhale kukodza sikatha pakokha. Mayi amakanyambita kumimba kuti thupi ligwire ntchito. Maso amatseguka pakati pa masiku 10 ndi 14, makutu amatsatira, ndipo pofika sabata yachitatu timayamba kudzandira n'kumagwa chamutu. Ife tinkapikisana kuti woyamba kuona diso lotseguka ndani. Mlongo wanga wamng'ono ankafuna kutithandiza ndi zala, agogo n'kumukalipira: "Iwe, siya! Anakutsegula ndani maso ako?"

Tiagalu titasiya kuyamwa, anthu anabwera kudzasankha. Tamphongo tinapita msanga, monga zimakhalira kulikonse, chifukwa aliyense amaopa galu wamkazi: akakula adzasonkhanitsa agalu a mudzi wonse pakhomo, kenako adzakudzazirani ana. Kanatsala kamodzi, kakakazi, kofiirira ngati mayi ake, koyera pachifuwa ndi kumapazi, khutu limodzi loimirira lina logwa. Agogo anati kameneko n'kathu. Ndipo poti akuluakulu amati galu wongopatsidwa sakhazikika pakhomo, anagwira msoti wa nkhuku n'kukapereka kwa anzawo aja.

Msoti, m'chaka cha njala! Amalume atamva anabwera mofulumira.

"Amayi, anthu tikugona ndi njala, inu mukugula pakamwa pena?"

Agogo sanatukule ndi mutu womwe. "A Phiri, nkhukuyo inali yanu?"

Nkhaniyo inayenda kuchitsime ndi kuchigayo, ena n'kumati mayi uja ukalamba wamulowa m'mutu. Agogo sanayankhe munthu. Anangotcha kagaluko dzina lakuti Adzatopa, ndipo madzulo alionse ankaima pakhonde n'kukaitana mokweza mawu, nkhope italoza kwa anansi amene ankadziwa kuti ndiwo eni miseche. Ndi mmene makolo athu ankachitira ndi mayina a agalu: Dziwazako, Akanene, Mulibechisoni. Munthu sungamutengere kwa amfumu chifukwa choitana galu wake.

Usiku woyamba, ngakhale mayi ake anali pafupi pomwepo, agogo anati kazolowere pakhomo pake, choncho kanagona m'khitchini pa chiguduli. Kanalira mpaka tambala woyamba. Si kuuwa kumene kuja, ndi kulira kosweka mtima kwa mwana amene sadziwa kumene anzake apita. Usiku wotsatira achimwene anga anadzuka mwakachetechete, anakanyamula n'kukalowetsa m'bulangete lathu. Kanangoti zii, mphuno ili kukhwapa kwawo. M'mawa mwake tonse tinadzuka tikudzikanda, utitiri utatidya kuyambira m'khosi mpaka m'miyendo, ndipo amayi sanafunikire kufunsa kuti mlendo anagona kuti. Mphasa ndi mabulangete zinapita padzuwa, achimwene analandira zawo, ndipo Adzatopa anadzipezera yekha malo amene anakhala ake kwa miyezi yambiri: pakati pa mafuwa, paphulusa lofunda moto ukazima. M'mawa kankatuluka kali mbuu, n'kuyetsemula, n'kudzikutumula pafupi ndi aliyense amene wavala zoyera.

Chakudya ndiye chinali nkhani. Chaka chabwino galu wa pamudzi savuta: mkute, madeya, mafupa, mitu ya usipa. Koma chaka chimenecho mkute sunkatsala, ndipo madeya tinkadya anthu. Amayi anaika lamulo lakuti kagalu kadzidya zotsukira mphika basi. Lamulolo linalemekezedwa pakamwa pokha. Mwana aliyense potema nsima ankabisa nthongo imodzi m'dzanja lamanzere, kapena m'thumba la kabudula, ndipo tikatha kudya tinkazungulira kuseri kwa bafa mmodzimmodzi, aliyense akuganiza kuti ndi yekha wochenjera. Kagaluko kanazindikira msanga, moti kankangopita kukakhala kuseri kwa bafako ife tisanasambe m'manja. Tsiku lina ndinazungulira ndi nthongo yanga, n'kupeza amayi omwewo atanjuta, akukamwetsa phala m'phale. Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. "Ukufuna chiyani kuno? Pita ukatsekere mbuzi." Sitinaikambenso nkhaniyo.

Kamimba kake kanali kozungulira ngati chipanda, ndipo ife tinkanyadira kuti tikukadyetsa bwino. Mlangizi wa ziweto atadutsa panjinga anakatembenuza, n'kukagwira m'nthiti, n'kutiuza kuti kukhuta kumeneko ndi njoka za m'mimba. Tiagalu tambiri timabadwa nazo kale, chifukwa zimadutsa kuchokera kwa mayi kadakali m'mimba, zina kudzera mumkaka. Madokotala a ziweto amalangiza kuti mankhwala a njoka ayambe kagalu kali ndi masabata awiri, n'kumabwereza pakapita masabata awiri alionse mpaka katasinkhukako. Nkhaniyi imakhudzanso ana, poti mazira a njokazo amakhala m'dothi momwe ana amasewera, ndipo ndi ana omwewo amene amanyambitidwa kumaso. Agogo anagulitsa kabichi pamsika wa Lizulu n'kugula mankhwalawo. Zimene zinatuluka tsiku lotsatira sindizifotokoza m'nyuzipepala yomwe ena amawerenga akudya.

Kenako inafika nyengo ya mano. Kagalu kamamera mano 28 a ubwana, osongoka kwambiri, ndipo kakakwanitsa miyezi itatu kapena inayi amayamba kuguluka kuti amere 42 a ukulu, ntchito imene imatha pa miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri. Nthawi yonseyo nkhama zimayabwa, ndipo dziko lonse limakhala chotafuna. Adzatopa anadya patapata wa amayi, wakumanja yekha. Anadya m'mphepete mwa lichero, chogwirira cha chikwama cha sukulu, ndi mthiko umene unagwa pathandala. Anakonda kwambiri zidendene za anthu oyenda ndi nsalu za amayi osinja, moti wosinja pakhomo pathu ankagwira munsi ndi manja awiri uku phazi limodzi likukankha galu. Koma mlandu waukulu unali wa pampu ya njinga ya amalume. Anaisiya pakhonde akucheza, ndipo pobwera anapeza kapaipi kake kali zidutswa zitatu, mwini mlandu atagona chagada pambali pake, mchira ukusesa pansi. Kuchoka tsiku limenelo amalume sankamutchula dzina. Ankati "galu wa amayiyu".

Maphunziro ena sanachokere kwa anthu. Thadzi la anapiye linamuphunzitsa tsiku limodzi lokha kuti anapiye si zoseweretsa, ndipo mpaka kukalamba kwake ankalambalala nkhuku ya ana. Tonde anamuphunzitsa za nyanga. Mvula yoyamba itagwa, anauwa madontho, anathamangitsa ngumbi mpaka kugwera m'chithaphwi, ndipo madzulo ena anagwira chule wamkulu wa zotupatupa pakhungu. Achule amenewa amatulutsa madzi owawa, ndipo galu akawaluma amachita thovu kukamwa. Tinangoona Adzatopa akubwera akupukusa mutu, dovu lili chuu. Wina anakuwa kuti chiwewe. Pakhomo panabalalika, ana anakwera pangolo, amalume anathamangira chibonga. Agogo okha ndiwo anaona chule uja akudumpha kulowera kumpanda, n'kuima pakati pa galu ndi chibonga. Anamutsuka m'kamwa ndi madzi, ndipo pofika usiku anali akutafunanso lichero.

Timaseka tikaikumbukira, koma mantha a amalume anali ndi maziko. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro, munthu kapena galu sachira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amawatenga kwa agalu. Anayi mwa khumi alionse amakhala ana osakwana zaka 15, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu kwa aliyense amene anaona mmene ife tinkakhalira ndi Adzatopa: ana ndiwo amanyamula tiagalu, ndiwo amalumidwa posewera, ndiponso ndiwo amabisa bala poopa kukalipiridwa. Chule akanakhala kuti sanaoneke, sindikudziwa kuti agogo akanatsutsa ndi chiyani.

Choncho uthenga utabwera kudzera kwa amfumu wakuti a zaziweto adzabaya agalu katemera, agogo sanadikire kuuzidwa kawiri. Tinamumanga khosi ndi luzi, chinthu chimene anali asanachionepo, ndipo anakana kuyenda. Anakhala pansi, anagona, anagubuduka, mpaka achimwene anamunyamula paphewa njira yonse anyamata anzawo akuwaseka. Pamalopo panali chipwirikiti: agalu a uzimba a zipsera kumaso, tiagalu m'madengu, anyamata okokedwa ndi agalu awo m'malo moti iwo akoke agalu. Jakisoni yemweyo sanatenge nthawi. Analira kamodzi, n'kuyamba kununkhiza nsapato za wobayayo.

Masiku ano ntchito imeneyi inakula. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma ndi Blantyre SPCA, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ena pamalo osonkhanira, ena khomo ndi khomo, ndipo m'zaka zotsatira ana ofika ndi chiwewe pachipatala cha Queen Elizabeth anachepa kwambiri. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa chaka ndi chaka, matendawa amasowa podumphira. Amanenanso kuti pa kampeni yotere tiagalu tisatsale kunyumba poganiza kuti n'tating'ono. Ndipo amene walumidwa, ngakhale ndi kagalu ka pakhomo, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Mkangano weniweni wa agogo ndi amalume unali pa funso lina: galu wolusa amapangidwa bwanji? Amalume anali ndi maphunziro onse a pabwalo la bawo. Mchira udulidwe, makutu adulidwe, m'chakudya muikidwe tsabola, galu atsekeredwe mumdima osaona anthu, ndipo ana asamugwiregwire chifukwa amamupusitsa. Tsiku lina anabwera ndi mpeni wonola kale. Agogo anangomunyamula Adzatopa n'kumuika pamiyendo, n'kupitiriza kusola nyemba pamwamba pake.

"Amayi, galu ameneyu mukumuononga. Adzagwedezera mchira ndi mbala yomwe."

"Mukadule mchira wa galu wanu, a Phiri. Uyu ndinagula ndi nkhuku yanga."

Pa nkhani imeneyi ine ndili kumbali ya agogo, ndipo sayansi ilinso komweko. Ku America, pa Jackson Laboratory ku Bar Harbor m'chigawo cha Maine, John Paul Scott ndi John Fuller anatha zaka zoposa khumi akulera ndi kuyesa tiagalu ta mitundu isanu, umodzi mwa mitunduyo ndi basenji, galu wa ku Congo wofanana ndithu ndi athu achikudawa. Zotsatira zake anazisindikiza mu 1965. Anapeza kuti pali nyengo yaifupi, kuyambira sabata yachitatu kufika cha m'ma sabata 12, imene kagalu kamaphunzira kuti wachibale ndani ndipo choopsa n'chiyani. Tiagalu timene tinafika masabata 14 tisanagwiridwe ndi munthu tinakula tili ndi mantha osatheka kuwachotsa. Tsono galu wamantha ndiye amaluma mwachisawawa: mwana wa mnansi, mlendo wodzapempha madzi, ngakhale mwini wake. Sasiyanitsa, chifukwa sanaphunzire kusiyanitsa. Galu amene anadziwa anthu a pamudzi ali wamng'ono, fungo lawo, mayendedwe awo, nthawi imene amayenda, ndi amene amazindikira phazi lachilendo pakati pa usiku.

Adzatopa anadutsa m'sukulu imeneyi popanda amene anaikonza. Mlongo wanga anamubereka kumsana ndi nsalu. Tinamukweza m'galimoto la mawaya, n'kugwa. Anapita nafe kudimba, kuchigayo, kumasanje kumene ankapatsidwa udindo wa fisi n'kumaukana ponyambita ophika. Anamva mabelu a njinga, ng'oma, mabasi odutsa pa M1, kulira kwa pamaliro. Pofika miyezi itatu n'kuti atagwiridwa ndi manja a mwana aliyense wa m'mudzimo, a kuno ndi a ku Angonia omwe.

Ndikaona mmene tikulerera agalu m'tauni lero ndimamva chisoni. Timagula kagalu pamsewu kwa mnyamata wokanyamula m'mwamba padzuwa, kamene kachotsedwa kwa mayi ake kasanakwane masabata asanu ndi atatu, pomwe ndi kwa mayi ndi abale ake kumene kamaphunzirira kuluma mosapweteka. Tikafika nako kunyumba timakatsekera m'kakhola ka malata kuseri, kotentha masana, n'kumakatsegulira usiku wokha. Tikatero timadabwa kuti galu waluma mwana wathu yemwe. Ambiri timafunanso wachizungu, wa ubweya wambiri ndi dzina lovuta kutchula, n'kumanyoza wachikuda. Komatu wachikudayu ndi galu wa dziko lino, wa ubweya waufupi, miyendo yaitali, wopirira dzuwa ndi nkhupakupa, wotha kukhala ndi moyo pa madeya. Ku South Africa, Johan Gallant ndi anzake anamulembera mabuku n'kumutcha Africanis, kuti anthu aleke kumuona ngati galu wamba wosadziwika mtundu. Agogo analibe nazo ntchito zimenezo. Anangoona kagalu kotsala.

Pa 4 October 1992, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana mtendere ku Rome. Anansi athu sanathamangire kubwerera. Anadikira kuti aone ngati mfuti zakhaladi chete, ndipo anapita chaka chotsatira atakolola. Galu wofiirira uja anawatsatira monga anabwerera. Adzatopa anawaperekeza mpaka pamsewu, anaima, ananunkhiza phula, n'kubwerera kunyumba patsogolo pathu. Apa n'kuti miyendo itatalika, mimba itaphwa, khutu logwa lija litaimirira, ndipo pakati pa mafuwa sankakwanapo. Masewera athu anayamba kuwaona ngati achibwana. Ankadzuka ndi agogo m'mbandakucha kupita kumunda, n'kugona pansi pa mtengo pafupi ndi khasu lawo, ndipo ife tikamuitana ankangogwedeza mchira kawiri osadzuka.

M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho fisi anabwera kukhola la mbuzi la amalume. Agalu awo awiri, odulidwa michira ndi odyetsedwa tsabola, anakalowa pansi pa ngolo. Amene anauwa ndi Adzatopa, ndi mawu akuya amene tinali tisanawamvepo, akuthamanga pakati pa khola ndi khomo la amalume mpaka anthu anatuluka ndi miyuni. Fisi anathawa atangothyola mtengo umodzi wa khola. Mbuzi zonse zinalipo.

M'mawa mwake amalume anabwera ndi fupa la mwendo wa nkhumba lokulunga m'pepala, n'kuliika okha pansi. Kenako anayamba kufotokozera anthu amene anasonkhana kuti galu ameneyu iwo anamuona kalekale kuti ndi wanzeru, kuti kuyambira tsiku limene anatafuna pampu anadziwa kuti nsagwada zake si zamasewera, ndipo kuti magazi a agalu a ku Angonia ndi ena.

Agogo anawasiya mpaka anamaliza. Kenako anati, "A Phiri, akadzaswa, kamodzi n'kanu. Mudzabwere ndi msoti."